Mawu a Amake Ruth M'kompyuta ya a Winnie

Amake Ruth anatisiya mu Ogasiti chaka chatha, koma mawu awo anatsala ku Katete, kuseri kwa msika, m'kompyuta ya a Winnie.

Ine ndine Goodson. Kwathu kwenikweni ndi ku Vubwi, koma ndinakhala zaka makumi anayi ndi chimodzi pachikamwini kwawo kwa akazi anga, kufupi ndi ku Mkaika. Dzina lawo anali Annie, ngakhale ine sindinawaitanepo choncho chibadwire mwana wathu Ruth. Tinkalima thonje ndi mtedza, ndipo tinkaimba. Iwo kutsogolera, ine kulandira ndi besi. Kumunda, panjinga, kutchalitchi, pena ngakhale titayambana m'mawa womwewo.

Inalipo nyimbo ina imene anapeka okha. Iwo amati, "Dzuwa lapendeka, katundu walemera, anditule ndani?" Ine n'kulandira, "Tulani mayi, ndafika." Ndime zake zitatu, zonse ine ndimalandira chimodzimodzi.

Mu Meyi chaka chomwecho kwaya yathu inapita kukajambula nyimbo kwa a Winnie. A Winnie ndi mayi wa msinkhu wa Ruth wanga, amaimba kiyibodi, ndipo ali ndi kachipinda kojambuliramo nyimbo. Zakwaya zitatha, amake Ruth anajambulanso yathu ija, mbali yawo yokha. Ine sindinapite. Ndinati thonje likugwera pansi, ndipita sabata yamawa. Zoona zake ndinkaopa makinawo, ndinkaona ngati ana akandiseka. Sabata yamawa inasanduka mwezi wamawa. Kenako chifuwa chinawagwira. Chipatala, kubwerako, chipatala, basi.

Ndiye chaka chino mu Okutobala abale awo anakonza zoika chiliza pamanda Loweruka, ndipo tsiku lomwelo andisudzule ndizibwerera kwathu. Palibe anandithamangitsa ayi, ndi mmene timachitira. Munda ngwawo, nyumba ili pamalo pawo, Ruth ali kubanja ku Lusaka. Ine ndinangopempha chimodzi: ndikalandire nyimbo ija, iimbidwe pachiliza, kenako ndipite nayo ku Vubwi.

Alamu anga a Fanwell, mlongo wawo wa malemu, ndiwo eni mbumba. Kanthu kalikonse ka amake Ruth, mawu omaliza ngawo. Anandiyang'ana, n'kuti, "Alamu, mawu a munthu wakufa si wailesi. Ndipita nanu ndikamve ndekha. Ndikaona kuti sizili bwino, tikafafaniza, mlongo wanga apume."

Tinapita Lachiwiri. Kachipindako n'kopanda zenera, makoma anamata mathireyi a mazira, kuchitseko anakhomera matiresi akale. Denga lamalata. Kutentha kwa Okutobala, thukuta linkatsika m'miyendo tisanakhale n'komwe. Patebulo panali kompyuta ija yopinda ngati buku, yakale ndithu, ngodya ina yomata ndi selotepi.

"Agogo, mwabwera!" anatero a Winnie. "Chaka chathunthu ndikusungirani malo anu. Manje onani apa."

Pagalasi panali mizere yamitundumitundu, yogona ngati ya m'munda. Anandilozera. Uwu ngwa kiyibodi, uwu ng'oma, iyi yambiriyi ndi amayi akwaya amene amang'ung'udza kumbuyo. "Wobiriwirawu ndi malemu amayi. Wopanda kanthuwu ndi wanu."

Anadina.

Abale, sindinakonzeke. Amake Ruth anaimba pafupi penipeni, ngati aima kuseri kwa tebulo. "Dzuwa lapendeka..." Ndinamva mpaka mmene ankakokera mpweya asanayambe. A Fanwell anavula chipewa.

Kenako zinayamba. "Katu-tu-tu-tundu wale..." Kunathetheka ngati nthanga paphale. Zii. Mawu anabwera, n'kudukanso. "Andi-di-di..." Zii.

Ine kuduka kumeneko ndinkakudziwa. Masiku atatu omaliza kuchipatala ankalankhula chomwecho, mawu kuyamba, mpweya kuthera panjira, ine n'kumadikira ngati ubwerenso.

"Iyayi, musaope," a Winnie anatero mofulumira. "Ni kompyuta chabe, yalema. Ndaisenzetsa zambiri. Dikirani ndisinthe kena kake."

Anadinadina, kutsamwa kunachepako. Ndiye anandiveka zomvera za m'makutu zija, zazikulu ngati zibade, n'kundiimika pa maikolofoni. Amake Ruth anafunsa funso lawo, ine ndinatsegula pakamwa. "Tulani mayi..." Ndisanamalize, munthu wina m'makutu mwanga anati, "Tulani mayi." Mawu anga omwe, koma akubwera pambuyo panga, ngati wina waima kumsana kwanga akundinyogodola. Ndikati ndifulumire, iye ali pambuyo. Ndikati ndimudikire, nayenso akudikira. Ndinavula zinthuzo n'kuziponya pampando.

"Muli munthu wina umu," ndinatero.

"Ndinu nomwe, agogo. Mawu anu akuchedwa kufika chabe."

"Akuchedwa kuti? Pakamwa ndi khutu mtunda wake ndi uti?"

A Winnie anaseka, koma a Fanwell sanaseke. Anandikodola tituluke panja. Tinaima pamthunzi wa sitolo ya mbewu, iwo akupukusa chipewa m'manja.

"Alamu," anatero pansipansi, "munthu akamatsamwa chonchi ndiye kuti chilipo chikumumanga. Tsiku logawa zovala lija, zonse zinatuluka m'nyumba?"

"Zonse," ndinatero.

Ndinanama. Kwathu munthu akamwalira, amayi achibale amachapa zovala zake zonse n'kugawana, mwamuna sutsala ndi kansalu. Koma ine ndinabisa chitenje chimodzi, cha buluu wodera chokhala ndi timbalame toyera, chimene ankamanga popita kukwaya. Ndinachilowetsa m'thumba la pilo. Sichinachapidwe. Chinali chikununkhabe sopo wawo ndi utsi.

A Winnie anatilondola panja. Anawachonderera a Fanwell kuti awapatse masiku awiri aipepuze kompyutayo.

"Lachinayi," anatero a Fanwell. "Akakatsamwanso, mufafaniza ine ndikuona ndi maso angawa. Sindingamusiye mlongo wanga akuvutika m'kabokosi, pamodzi ndi nyimbo za kumabala."

"Za kumabala mulibe umu, atate."

"Nanga zija munaika tikulowa zinali za Pasaka?"

Lachitatu ndinapita kukathandiza anyamata kusenza mchenga wa pachiliza. Ndikayang'ana pamanda, mtima umvekere, ndiwe wawamanga. Ndiwe unakana kupita mu Meyi, ndiwenso waba chitenje. Ndinaganiza zokachiika pamanda pomwepo, koma pamanda anthu anali piringupiringu, komanso amake Ruth pamandapo sankalankhula. Ankalankhula ku Katete. Ndiye ndinati ndikawabwezera komweko.

Lachinayi ndinapalasa njinga ndekha m'mawa, chitenje chili m'jumbo pansi pa malaya. A Fanwell anati abwera pa minibasi dzuwa likakwera.

Ndinawapeza a Winnie maso ali psu. Anati agwira ntchitoyo masiku onse awiri.

"Khalani apa ndikuuzeni, agogo, kuti mantha achoke. Kompyuta iyi inali ngati mayi mmodzi paukwati amene aliyense akumutuma. Uyu madzi, uyu nkhuni, uyu mchere. Angaphike?"

"Sangaphike."

"Ndiye ndathamangitsa otumatumawo."

Anati munali tinthu tambiri timene timadzuka tokha akangoyatsa kompyuta, n'kumadya mphamvu kumbuyo popanda wotiitana. Anatizimitsa. Intaneti anaitseka. Nyimbo zakale za maukwati ndi makwaya ena anazisamutsira m'kabokosi kena kakuda konga ka machesi, kuti m'kati mupezeke malo. Kiyibodi ndi ng'oma, akuti kale kompyuta inkachita kuziimba mwatsopano ulendo uliwonse, koma tsopano anaziimbitsa kamodzi n'kusunga zathazitha, ngati mtedza wosenda kale uli m'thumba. Ndipo mayi aliyense wakwaya anali ndi kachida kakekake kopangitsa mawu kumveka ngati ali m'tchalitchi chachikulu. Tizida khumi ndi tiwiri. Anasiyapo kamodzi, onse azigawana.

"Nanga munthu wondinyogodola uja?"

"Ameneyo ndinamuitana ndine, pepani. Kompyuta imatunga mawu ndi chikho. Chikho chikakhala chaching'ono mawu amafika msanga, koma maulendo amachuluka, ndiye ikalema imatayira panjira. Kutsamwa kuja n'kumeneko. Chikakhala chachikulu sitaya, koma imadikira chidzaze, ndiye mawu amachedwa. Tsiku lija ndinakuza chikho kuti amayi asatsamwe, mawu anu n'kuchedwa. Manje yapepuka, ingathe ndi chaching'ono."

Zina ndinamva, zina zinandipita. Kenako anatsitsa mawu, n'kugwira kabokosi kakuda kaja.

"Agogo, ndiikemo amayi muno mwakachetechete? Zikavuta, a Fanwell afafaniza za pagalasi, izi zitsala. Sadzadziwa."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma jumbo ija inali kundiotcha pamimba. Chobisa chimodzi chawatsamwitsa, nanga ziwiri?

"Ayi, mwana wanga. Za mbumba sitibisa."

Anandiyang'ana, n'kubweza kabokosiko m'dirowa. Anadina, amake Ruth anaimba ndime yoyamba yonse bwinobwino, osaduka ngakhale pamodzi. Misozi inangotsika yokha.

"Mwaona? Manje ndithamangire kwa ometa tsitsi, anabwereka chingwe changa cha maikolofoni dzulo. Ndaika ndime yoyambayi izizungulira yokha, inu muziyeserera. Musakhudze kalikonse."

Anatuluka, chitseko chamatiresi chinatsekeka. Tinatsala awiri.

"Anditule ndani?"

"Tulani mayi, ndafika," ndinayankha chonong'ona.

Ndinatulutsa chitenje. "Amake Ruth," ndinatero, "nachi chanu. Ndinalakwa. Ndimafuna kokha kafungo kanu. Alamu akabwera musatsamwe, chonde. Mukatsamwa atilekanitsa kachiwiri."

Ndinanyamula kompyuta ija ndi manja awiri. Inali yofunda ngati munthu. Ndinaona kuti chaka chonsechi akhala pathabwa louma, popanda woyalira. Ndinapinda chitenje kanayi, n'kuyala, n'kuikhazika pamwamba. Kumbali kwake ndi kunsi kunali timipata totuluka mphepo. Ndinakumbuka kuchipatala mmene ndinkatsekera bulangeti m'mbali kuti mphepo isawalowe. Ndinatsendera nsalu m'timipata monsemo, bwinobwino, kuti isaonekerenso. M'chipindamo munali kamdima, ndipo chitenjecho n'chodera.

Anaimba, ine kulandira. Anaimba, ine kulandira. A Winnie anachedwa, mwina ola lathunthu. Malata anayamba kulira ndi dzuwa. Ndipo m'kati mwa kompyuta munayamba kaphokoso, fiii, ngati udzudzu uli m'botolo. Ndinati mwina akukondwa.

Chitseko chitatseguka analowa a Winnie ndi a Fanwell, anakumana panjira. A Fanwell anakhala pampando, chipewa pabondo.

"Tiyeni timve," anatero.

A Winnie anadina ali chiimire, akumasula chingwe chawo.

"Dzuwa lape-pe-pe-pe..."

Kunathetheka koposa Lachiwiri. Mawu anakokeka, anakhala aakulu ngati a mwamuna, kenako n'kuduka. Kaphokoso kaja kanakwera, fiiiii, ngati munthu akukoka mpweya pakhosi potsekeka. "Andi... andi... andi..." A Winnie anaponya chingwe pansi. Kamuvi ka pagalasi sikankayenda. Anadina apa, anadina apo.

"Iyayi, iyayi, m'mawa inali bwino iyi! Agogo anamva okha!"

"Andi... andi..."

Thi! Galasi linada. Kaphokoso kanatsika pang'onopang'ono mpaka zii.

Chete ameneyo ndinamumvapo kamodzi kokha m'moyo mwanga, ku wodi ya amayi. Ndinati ndawapha kachiwiri. Ndawabwezera chawo, ndipo achikana.

A Fanwell anaimirira. "Mwamva nokha. Mayi, mukaiyatsa mufafanize. Mzere wobiriwirawo uchoke."

A Winnie anagwira kompyuta, n'kuchotsa dzanja msanga. "Mayo! Yatentha ngati mbaula!" Anainyamula ndi m'mphepete, ndipo chitenje chinakwera nayo pang'ono, n'kugwera patebulo. Timbalame toyera tinaonekera.

A Fanwell anachiyang'ana. Anachitola, anachitambasula. Chitenje chimenecho anawagulira malemu ndi a Fanwell omwewo ku Chipata.

"Alamu."

"Ndine," ndinatero. "Ndinabisa m'pilo. Lero ndimati ndiwabwezere."

"Munandiuza kuti zonse zinatuluka! Pamaso panga! Ndiye mwaona? Si ichi chamutsamwitsa mlongo wanga?"

"Eya, ndi chimenechi," anatero a Winnie. Tonse tinawacheukira. "Ndi chitenje chomwechi, atate, koma osati mmene mukuganizira. Agogo, mwatseka mphuno zake! Iyi imapumira kunsi ndi kumbali. Muli kafani m'kati kotulutsa kutentha. Mukatseka, imayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti isapse, ikalephera imadzizimitsa yokha. Si ndinati musakhudze?"

"Ndimati asamve mphepo."

A Winnie anakhala pansi. "Aa, agogo inu," anatero.

"Nanga Lachiwiri?" a Fanwell anafunsa. "Lachiwiri chitenje chinali m'pilo, koma anatsamwa."

"Lachiwiri inali yolemedwa. Ndipo mwina zilipo zina. Dikirani muone."

Anaitembenuza chafufumimba, n'kutenga kasikuludiraiva. Ine ndinatembenukira kukhoma. Zinali ngati akung'amba munthu. Ndinkangomva timisomali tikugwera m'mbale, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu ndi kawiri.

"Onani, atate."

Ndinacheuka. Pakafani paja panali chinthu chotuwa chogwirana ngati chisa cha mbewa. Fumbi la Katete, tsitsi, ndi ulusi wa thonje wa mathiraki amene amadutsa pamsika. Anachikoka ndi chotokosera m'mano, chinatuluka chathunthu. Anapukuta ndi kaburashi, anauzira, n'kutseka. Kenako anatola zitsekerero zinayi za mabotolo n'kuikhazika pamwamba pake kuti kunsi kuzipita mphepo. Anatsegula chitseko.

"Izizire kaye. Tikaiyatsa yotentha tiipweteka."

"Iyakanso?" ndinafunsa.

"Kawirikawiri imayaka."

"Nanga iwo alimobe?"

"Ikazima mwadzidzidzi chonchi, pena nyimbo imene inali yotsegula imawonongeka. Pena. Tiona."

Ndinakumbuka kabokosi kakuda kali m'dirowa, kamene ndinakana m'mawa. Tinakhala atatu, osayang'anana. Panja wina ankaitanira tomato, minibasi inkaliza hutala ya ku Chipata. A Fanwell anapinda chitenje n'kuchiika pamiyendo, dzanja lili pamwamba. Ine ndinkawerenga mathireyi a mazira pakhoma, ndikafika pakati n'kusokoneza, n'kuyambanso.

"Ulendo umodzi wokha," a Fanwell anatero. "Nyimbo yonse, kuyamba mpaka kumaliza. Akatsamwa, sindifunanso kumva za mphuno kapena za chikho."

A Winnie anadina kabatani. Palibe chinachitika. Kenako kagetsi kanayaka, galasi linayera. Inatenga nthawi. Anatsegula pulogalamu yawo yopangira nyimbo, inalemba zachingerezi, iwo anawerenga milomo ikugwedera, n'kudina. Mizere inabwera umodziumodzi. Wa kiyibodi. Wa ng'oma. Yakwaya. Wobiriwira.

Anaimba. Ndime yoyamba inadutsa yosalala. Yachiwiri, imene ndinali ndisanaimve chimwalirire iwo, inadutsanso. Ndinaona phewa la a Fanwell likutsika. Yachitatu. "Dzuwa lalowa, njira yatalika, anditule nda..."

Khoo! Khoo!

Amake Ruth anatsokomola. Nyimbo inathera pomwepo.

A Fanwell anadzuka, mpando unagwa. "Basi! Fafanizani!"

"Dikirani, atate, ichi n'china!"

"Mwayamba kale zija!"

"Mvetserani kamodzi chabe. Agogo, agwireni!"

Sindinawagwire. Ndinagwada. Ine mkamwini wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, sindinawagwadirepo alamu anga, koma tsiku limenelo ndinagwada pasimenti.

A Winnie anabweza pang'ono n'kudina. Khoo, khoo. Anabwezanso. Khoo, khoo. Kachitatu, chimodzimodzi, malo omwewo.

"Kompyuta ikalema sitsamwa malo amodzi," anatero. "Lero apa, mawa apo. Ichi sichisuntha. Onani pamzere, timapiri tiwiriti. Anatsokomoladi amayi tsiku lojambula, mu Meyi. Ndinati ndidzadula pomaliza, n'kuiwala. Ndipo kutsogoloku kulipo kena kamene ndinapinda."

Anagwira nsonga ya mzere wobiriwira ndi kamuvi, n'kuikokera kumanja. Mzere unatalika. Anadina.

Khoo, khoo. Kenako kuseka. Kuseka kwawo kwenikweni, kuja kotsekera pakamwa ndi dzanja.

"Pepani mwana wanga, ndi fumbi la thonje ili, silichoka pakhosi. Tibwereze? Ayi, isiyeni. Koma apa musiye mpata waukulu, mpomwe adzalowere atate ake Ruth. Amachedwa kulowa amene aja, ngakhale pondifunsira anachedwa. Koma amalowa."

Kenako mawu a a Winnie akuseka chapatali, basi, zii.

A Fanwell anadzutsa mpando, anakhala. Anadziphimba kumaso ndi chitenje. Mapewa ankagwedezeka, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, mwina zonse.

"Pakamwa pa ameneyo," anatero m'chitenjemo. "Pakamwa pa mlongo wanga. Zoona munachedwa, alamu. Amayi anatsala pang'ono kumupereka kwa mphunzitsi uja wa ku Sinda." Anapukuta kumaso. "Dzukani pansipo, mukuchititsa manyazi. Pitani mukamulandire."

A Winnie anachepetsa chikho chija. Anati pamzere wanga saikapo kachida kalikonse mpaka nditamaliza, kuti mawu asachedwe panjira. Anandiveka zomvera, khutu limodzi anasiya panja kuti ndizidzimva ndekha. Ndinaima pa maikolofoni ndikudikira munthu wondinyogodola uja. Ndinayesa kamodzi, "Tulani." Kunalibe. Mawu anga anafika pamodzi ndi ine.

Ndime yoyamba ndinalowa mochedwa.

"Mwaona?" anatero a Fanwell. "Ananena!"

Tinabwereza kanayi. Ulendo uliwonse maso anga anali pa zitsekerero za mabotolo zija, khutu lili kwa kafani. Sikanalirenso. Pandime yachitatu anafunsa funso lawo, anatsokomola, ine ndinadikira chifuwa chidutse monga ndinkachitira kunyumba, n'kulandira. Mzere wanga unadzaza, wofiira, pansi pa wobiriwira.

"Chifuwachi ndidule?" a Winnie anafunsa. "Ndi sekondi imodzi chabe."

Ndinaganiza. Mu Meyi anali atayamba kale kutsokomola. Ine ndinali kumunda ndi thumba la thonje, ndikuti ndi fumbi, iwonso akuti ndi fumbi.

"Chisiyeni," ndinatero. "Ndi chawo."

"Manje ndiike m'kabokosi kaja, atate? Kuti ikazimanso tisamagwade."

A Fanwell anavomera ndi mutu. "Ikani. Muikenso pakakhadi kolowa m'wailesi, tiwiri. Kena ka Ruth." Anaimirira, anaika chitenje m'khwapa. "Ichi n'cha mbumba, alamu. Chikachapidwa, chipita kwa Ruth. Simuchionanso."

"Ndamva."

"Mawuwo tengani."

Loweruka nyimbo inaimbidwa pachiliza, pasipika yakwaya. Pofika pachifuwa paja amayi ena anafuula, a Fanwell anachita kuimirira n'kuwauza kuti khalani pansi, n'chakale chimenecho. Madzulo anandisudzula. Lolemba ndinakweza njinga ndi kachikwama pa galimoto ya ku Chipata, kuchoka apo ina ya ku Vubwi.

Kuno ndimakhala kwa mphwanga. Kawailesi kanga kali pazenera, ndinakakhazika pa zitsekerero zinayi za mabotolo. Ana amandiseka, akuti wailesi situlutsa mphepo, agogo. Ndimawasiya aseke. Fumbi ndimapukuta m'mawa uliwonse, koma sindikafunditsa kanthu, ndipo sindidzatero ngakhale mu Juni kukadzazizira chotani.

Ndipo mpaka lero, ikafika ndime yachitatu, ndimadziwa kuti chifuwa chikubwera, ndimadziwa malo ake, koma mtima umaimabe. Ndimagwira m'mphepete mwa mpando. Khoo, khoo. Ndimadikira, ndikuti mwina lero kungokhala zii.

Kenako nkhalamba ija, atate ake Ruth, imalowa, mochedwa pang'ono.